Kudzisamalira pamene mukudikirira wodwala

Mwafunsa kuti mpata wodzisamalira muupeza bwanji, poti mwatha sabata ziwiri mukudikirira mayi anu m'chipatala. Chitani motere.

Choyamba, imbirani abale lero lomwe, mugawane masiku. Musangoti "wina abwere". Tchulani dzina ndi tsiku, apo ayi aliyense aziyesa kuti mnzake apita. Mukakhala masiku atatu, tsiku lotsatiralo mukagone kunyumba.

Kenako gwirizanani ndi mnzanu wodikirira pa bedi loyandikana nalo. Iye akapita kokaphika, inu muyang'anire odwala onse awiri, akabwerako musinthane. Mpata umenewo mukasambe, muchape chitenje, mutsinzineko ngakhale mphindi 30. Nthawi yabwino ndi pamene madokotala angomaliza kuona odwala m'wodi.

Pophika phala la mayi, onjezerani ufa kuti nanunso mudye. Ambiri amangonyambita mthiko basi, masana n'kumadandaula chizungulire. Usiku gonani m'neti, udzudzu susankha kuti uyu ndi wodikirira. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena ma ARV, tcherani alamu pa foni kuti musaiwale.

Ofunsa za matendawo musamawayankhe mmodzimmodzi. Uthenga umodzi madzulo pagulu la WhatsApp la banja wakwana.