Momwe mungatsimikizire kuti defrag sinawononge mafayilo anu

M'masukulu, m'maofesi ndi m'mashopu osindikiza zikalata ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje mudakali makompyuta a hadi disiki yozungulira ija. Disiki yotere ikamalembedwa ndi kufufutidwa kwa nthawi yaitali, fayilo imodzi imamwazikana, chidutswa uku china uko, ndipo makina amachedwa poitolera. Defrag imasamutsa zidutswazo n'kuziika pamodzi. Pa ntchito imeneyi choyenera kusintha n'chimodzi basi: malo amene fayilo yakhala pa disiki. Zamkati mwake ziyenera kutsala momwe zinalili. Kungotsegula chikalata chimodzi n'kuona kuti chatseguka si umboni. Umboni umapezeka poyeza musanayambe, kuyezanso mukamaliza, ndi kubwereza mayeso omwewo nthawi iliyonse mwasintha china pa makinawo. Kubwerezako ndiko amati regression testing.

Dziwani kaye mtundu wa disiki

Tsegulani PowerShell (pulogalamu ya mu Windows yolemberamo malamulo) ngati Administrator, lembani Get-PhysicalDisk, muone pa MediaType. Pakalembedwa SSD, musaikakamize defrag. SSD ilibe mbale yozungulira, ndipo Windows imaisamalira yokha kudzera mu TRIM, lamulo louza SSD malo amene sakugwiritsidwanso ntchito. Zonse zili m'munsimu n'za HDD, hadi disiki yozungulira ija.

Kenako onani ngati disikiyo ili bwino. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa zomwe disiki imanena za thanzi lake. Yang'anani Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Yachiwiriyi ikasonyeza malo ngakhale amodzi okayikitsa, iwalani za defrag, koperani mafayilo msanga. Defrag imawerenga ndi kulemba kwa maola, ndiye disiki yodwala imatha kufera pa ntchitoyo.

Pomwepo muonanso kutentha. Ma disiki ambiri anapangidwa kuti asapitirire madigiri 55 kapena 60. Kuno kuchigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kunja kokha kumapitirira 40, nanga m'chipinda cha malata masana? Gwirani ntchitoyi mbandakucha kapena usiku, mutapukuta fumbi pa fani. Ikani makinawo pa UPS (batire yosunga makina ali oyaka magetsi akazima), ndipo ngati muli pa sola tsimikizani kuti batire yadzaza.

Konzani malo oyesera

Musayesere pa disiki yomwe muli malikisi a ana asukulu kapena mabuku a ndalama. Tengani disiki yakale, kapena dulani gawo la 10 GB kudzera mu diskmgmt.msc (chida cha Windows chogawira disiki), mulipatse NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) ndi chilembo D. Mu dfrgui, chida cha defrag cha Windows, chotsani gawo limeneli pa ndondomeko ya mlungu ndi mlungu, apo ayi Windows ilikonza yokha musanayeze, mayeso n'kutha ntchito.

Tsopano limwazeni dala. Dzazani gawolo ndi zithunzi ndi ma PDF mpaka litsale pang'ono kudzaza. Fufutani modumphadumpha, fayilo imodzi kusiya ina. M'mipata yatsalayo koperanimo kanema wa 1 GB kapena 2 GB. Poti palibe mpata umodzi womukwana, kanemayo agawanika yekha. Lembani fsutil file queryextents D:\kanema.mp4 ndipo muona mndandanda wa zidutswa zake. Mukatero fufutaninso zithunzi zina mpaka malo opanda kanthu afike 15 peresenti, chifukwa pansi pa apo defrag simaliza bwino, ilibe poyala zomwe ikusanja.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale odziwa. Ena amapanga mafayilo oyesera ndi fsutil file createnew poti n'chachangu. Mafayilo amenewo amakhala ziro zokhazokha. Zidutswa ziwiri zikasinthana malo molakwika, ziro wapita pomwe panali ziro mnzake, ndipo mayeso anu adzanena kuti zonse zili bwino pomwe zalakwika. Gwiritsani ntchito mafayilo enieni, okhala ndi zosiyanasiyana mkati.

Tengani chidindo cha fayilo iliyonse

Hash ili ngati chidindo cha chala cha fayilo. Kadontho kamodzi kakasintha mkati, chidindo chonse chimasintha. Tsekani mapulogalamu onse, lowetsani fulashi yomwe tiitcha E, ndipo lembani:

Get-ChildItem D:\ -Recurse -File | Get-FileHash | Export-Csv E:\poyamba.csv

Lamuloli limagwiritsa ntchito njira yotengera chidindo yotchedwa SHA256 mukapanda kulitchulira ina. Zotsatira zikhale pa fulashi, osati pa disiki yomwe ikuyesedwa. Yendetsaninso lamulo lofufuza zolakwika pa disiki la chkdsk D: popanda kuonjezera kanthu, kuti ingowerenga osakonza, komanso defrag D: /A /V kuti muone kuchuluka kwa kumwazikana. Lembani m'kope tsiku, mtundu wa Windows womwe winver yaonetsa, chiwerengero cha mafayilo, peresenti ya kumwazikana ndi masekondi omwe kanema uja watenga kukopedwa kupita kwina.

Yendetsani, kenako fananizani

Lembani defrag D: /U /V ndipo muisiye imalize. Ikatha, musathamangire kuyeza. Yambitsaninso kompyuta ndi Restart. Chifukwa chake n'chakuti Windows imasunga mu RAM (memore ya kanthawi ya makina) zina zomwe yangowerenga, ndiye mutha kuyeza zili m'mutu mwa makina m'malo moyeza zomwe zalembedwadi pa disiki. Ikadzuka, tenganinso zidindo monga poyamba paja, koma dzina la fayilo likhale pambuyo.csv. Kenako mizere itatu iyi:

$a = Import-Csv E:\poyamba.csv
$b = Import-Csv E:\pambuyo.csv
Compare-Object $a $b -Property Path,Hash

Pakapanda kutuluka kalikonse, mayeso apambana. Bwerezani chkdsk D: kuti muone ngati sikudandaula, ndi queryextents kuti muone ngati zidutswa za kanema zachepa. Zikapanda kufika pa chimodzi musadabwe. Windows siilabadira zidutswa zoposa 64 MB, chifukwa kuziphatikiza sikuonjezera liwiro loti munthu n'kuliona.

Dzina la fayilo likatuluka pa kufananizako, musaweruze defrag msanga. Funsani kaye ngati panali pulogalamu yomwe inalemba m'fayiloyo pakati pa kuyeza kuwiriko, monga ya maakaunti kapena antivayirasi yomwe yachotsa fayilo. Ngati palibe, yezani fayilo yomweyo katatu motsatizana. Chidindo chikamasintha chokha popanda woikhudza, vuto lili pa RAM, pa chingwe cha disiki kapena pa disiki penipeni. Yesani RAM ndi chida cha Windows cha mdsched, sinthani chingwe, muyambirenso. Koma chidindo chikakhazikika pa nambala yatsopano yosiyana ndi yoyamba ija, ndipo zikachitikanso mutamanga mayeso kachiwiri, lekani kugwiritsa ntchito pulogalamu ya defrag imeneyo pa makina ena onse.

Yesani kuidula panjira

Kwa ife mayeso awa ndiwo ofunika koposa, poti magetsi amazima osatsanzika. Mwazaninso gawo loyesera, tengani zidindo, yambitsani defrag, ndipo ikafika pakati iimitseni ndi Ctrl+C. Fananizani. NTFS imalemba kaundula wa zomwe ikusintha, ndipo kusamutsa chidutswa kunakonzedwa moti malo akale sasiyidwa atsopano asanalembedwe, choncho mafayilo ayenera kutsala athunthu. Kuzula pulagi dala kumafanana kwambiri ndi zenizeni, koma muchite pa kompyuta yosafunika yokha, chifukwa kutha kuwononga Windows kapena disikiyo.

Kwa a Linux njira ndi yomweyi: sha256sum potenga zidindo, filefrag -v poona zidutswa, e4defrag pochita defrag pa ext4 (kasungidwe ka mafayilo ka Linux), ndipo e2fsck -fn pofufuza zolakwika gawolo litachotsedwa pa ntchito. Lamulo la e4defrag -c limapereka malikisi, ndipo kuyambira 0 mpaka 30 ndiye kuti palibe chokonza.

Mayesowa muwabwereze Windows ikalandira update yaikulu, mukasintha pulogalamu ya defrag, mukaika disiki kapena RAM ina, ndiponso makina akabwera kokonzedwa. Mafayilo oyesera akhale omwewo nthawi zonse, osungidwa pa fulashi yawoyawo, kuti zomwe mwalemba m'kope lero zifananizike ndi za mwezi watha. Gawo loyesera likapambana, koperani mafayilo a pa disiki yeniyeni kuika kwina, tengani zidindo za mafoda ofunika, ndiyeno muiyendetse defrag.