Mmene mungayesere ngati nambala yaikulu ndi prime

Loweruka lililonse ana a Fomu 2 amasonkhana pakhonde panga ku Chinamwali kudzachita masamu. Funso limene limawaimitsa mitu ndi ili: nambala ngati 8,191, mungadziwe bwanji kuti ndi prime? Paja prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi, ina iliyonse imasiya chotsala.

Yambani ndi kusefa, monga amachitira amayi ndi ufa. Yang'anani kumapeto. Nambala yaikulu ikathera ndi 0, 2, 4, 5, 6 kapena 8, itayeni, si prime. Kenako phatikizani manambala ake: 8, 1, 9 ndi 1 akukwana 19. Poti 19 sagawika ndi 3, nayonso 8,191 sigawika ndi 3.

Apa mpamene ana ambiri amataya mtima, poganiza kuti agawa mpaka 8,190. Ayi ndithu. Ogawa amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndipo mukasowa wamng'onoyo ndiye kuti wamkulunso kulibe. Tsono pezani malire a wamng'onoyo: nambala yomaliza imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe siipyola 8,191. 90 kuchulukitsa ndi 90 ndi 8,100, pomwe 91 kuchulukitsa ndi 91 ndi 8,281, yapyola. Malire athu ndi 90. Yesani ma prime okhaokha kuyambira 2 mpaka 89. Alipo 24 okha, ndipo pafoni ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Onsewo amasiya chotsala, choncho 8,191 ndi prime.

Chonde musalekere panjira. Mtsikana wina wakhama kwambiri anayesa 2,047 mpaka pa 19. Mvula inali ikutsika kuchokera kuphiri, iye akufulumira kuti akafike ku Matawale asananyowe, nalemba kuti ndi prime. Chikhala anayesa kamodzi kokha kena, akanaigwira: 23 kuchulukitsa ndi 89 ndi 2,047. Tsiku limenelo ndinamumvera chisoni zedi.

Mukatsimikiza, funsani mtundu wake. Lembani 2 kokwana 13, achulukitseni onse, muchotsepo 1, mupeza 8,191. Ma prime otere amatchedwa a Mersenne, potengera Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Nayonso 2,047 imabadwa choncho, kuchokera ku ma 2 okwana 11, koma taona kale kuti ndi yachinyengo. Leonhard Euler anatsimikiza mu 1772 kuti 2,147,483,647, ya ma 2 okwana 31, ndi prime, popanda kompyuta.

Zikafika pa zimphona zenizeni, kugawa kumodzikumodzi sikuthandizanso, pamafunika makompyuta ndi njira yapadera yoyesera manambala a mtundu wa Mersenne yotchedwa Lucas-Lehmer. Mu Okotobala 2024 Luke Durant, wa GIMPS, gulu losaka ma prime a Mersenne ndi makompyuta, anapeza prime ya ma 2 okwana 136,279,841 kuchotsapo 1. Poilemba pamafunika manambala 41,024,320. Ana anga ndawapatsa 131,071 kuti ayese pa holide. Malire ake ndi 362.