Kadyedwe koti tikalambe tikuyendabe tokha

Abale anga, BP ndi shuga zikugwetsa anthu amene akanafika poona zidzukulu zikukwatira, ndipo zambiri zimayambira pa mbale pomwepa. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu alionse kuno ku Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Mimba yotsogola ija timaitcha ya ubwana ndi imene imadzatigoneka.

Yambani ndi nsima. Sindikuti muisiye ayi, koma ngati mumamenya mitanda inayi tsikani pa itatu kwa masabata angapo, kenako iwiri, thupi limazolowera bwinobwino bola musachite mwadzidzidzi chifukwa mukatero mudzangodzuka usiku n'kukavundukula poto. Pamene mwachotsa mtandapo ikanipo bonongwe, nkhwani wotendera, chisoso kapena nyemba, mbale ioneke yodzaza ndithu. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Komanso osathamangira, tafunani, chezani, ubongo umachedwa kumva kuti mwakhuta.

Pa mchere ndiye pamene tikulakwitsa kwambiri. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati tsiku lonse usakwane magalamu 5, ndi kasipuni kamodzi ka tiyi basi, ndipo muwerengere ndi wobisala uja wa mu makyubu, mu soseji, mu chipisi cha pachiwaya. Kambale ka mchere kachoke patebulo, ena amathira asanalawe n'komwe. Tomato, anyezi, adyo ndi mandimu zimakometsa ndiwo mokwanira.

Tiyi wa masipuni anayi a shuga uja, chotsani theka la sipuni sabata iliyonse. Zoziziritsa kukhosi zikhale za pa ukwati, osati za tsiku lililonse.

Mowa nawo, tinene zoona, palibe mlingo umene ndi wabwino ku chiwindi, ndipo kachasu wa m'mimba mopanda kanthu ndiye woopsa zedi. Ngati simunathe kusiya, idyani kaye, mwani madzi pakati pa botolo ndi botolo, tulukani ndi ndalama zowerengeka osati foni yodzaza Mpamba, ndipo maraundi akaneni, ndi amene amakumwetsani pa liwiro la anzanu.

Mwezi uno pitani ku chipatala cha boma chapafupi akakuyezeni BP, ndi ulere, ndipo nambala zake alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti mudzafananize pakatha miyezi itatu.