Momwe mungapangire kabokosi kosungiramo zinthu kokhala ndi mahinjesi a thabwa

Timahinjesi tachitsulo totchipa timachita dzimbiri msanga, ndipo timisomali take sitigwira bwino pa thabwa lopyapyala. Kabokosi kosungiramo mphete, mikanda, reji ndi khadi la kusikelo la mwana, kapena kokapatsa mkwatibwi pa kitchen party, kamayenera mahinjesi a thabwa. Zida zake ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, tchizulo yakuthwa, puleni, sikweya, choboolera cha mamilimita 3, sandipepa, guluu woyera wa matabwa ndi malegeni.

Musagule thabwa lathunthu. Akalipentala a ku Kalingalinga mu Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, amatsala ndi zidutswa akamapanga mabedi ndi makabati, ndipo zimenezo zimakhala zitauma kale. Ku msika wa Buseko matabwa ndi ambiri, koma funsitsani ngati ndi ouma, chifukwa thabwa laliwisi limapindika ndi kung'aluka ukafika mwezi wa Okutobala. Mukwa, mlombwa uja wa kwathu kum'mawa, ndiwo wabwino: susinthasintha kwambiri ndi nyengo ndipo umasemeka bwino. Paini angathe kupanga thupi la bokosi, koma pa hinjesi ayi, ndi wofewa.

Yambani ndi mahinjesi, bokosi libwere pambuyo. Ntchito yovuta ili pamenepa, ndipo ngati yakanika ndi bwino ikanike musanawononge thabwa labwino.

Palani kathabwa kakhale kochindikala mamilimita 10, mulifupi 30, mulitali pafupifupi 150. Mupange tiwiri. N'tatalitali dala kuti mukhale ndi pogwira, mudzatidula kumapeto. Mizere ya thabwa iyende mulitali, kutanthauza kuti idzapingasana ndi kamtengo kolowa pakati. Mukaiyendetsa mbali imodzi ndi kamtengoko, zala za hinjesi, tizigawo tolowana tomwe kamtengoko kamadutsamo, zidzathyoka tsiku loyamba mwana akadzatsegula mwamphamvu.

Boolani musanadule chilichonse. Kumapeto kulikonse, m'mphepete mwa kathabwa, ikani kadontho pa mamilimita 5 kuchokera kunsonga, pakatikati penipeni pa kuchindikala kwake. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Boolani theka kuchokera uku, theka kuchokera uko, mabowo akakumane pakati. Woboola mbali imodzi mpaka kutulukira, choboolera chimamuthawa n'kutsata mizere ya thabwa. Ngati mulibe makina oboolera oimirira, imikani sikweya pambali ndipo wina aziyang'ana ngati dzanja lanu lapendama. Bowo lokhota silikonzeka, tengani kathabwa kena.

Kenako zunguzani nsonga iliyonse ndi puleni ndi sandipepa, bowo likhale pakati pa chozungulira chimenecho. Gawani mulifupi muja patatu, mamilimita 10 gawo lililonse. Pa nsonga ina chotsani gawo lapakati, patsale zala ziwiri. Pa inzake chotsani a m'mbali, patsale chala chimodzi. Kuya kwake kukhale mamilimita 11, osati 10. Milimita imodzi yowonjezerayo imapatsa chala malo ozungulira, komanso imalola chivundikiro kupitirira pang'ono chikaimirira, kenako n'kuima chokha osagwera kumbuyo. Chekani mkati mwa mzere, zotsala muzisadza pang'onopang'ono ndi tchizulo mpaka chala chimodzi cha kathabwa kena chilowe pakati pa zala ziwiri za kanzake popanda kumenya ndi hamala komanso popanda kugwedera.

Kamtengo kapakati kakhale kansungwi, tija tobayira nyama yootcha, kamene kakukwana bowo. Nsungwi ndi yolimba kuposa kamtengo kosema nokha. Lowetsani osamata, pindani hinjesi kangapo. Pamene pakukhulana pamawala, palani pomwepo basi. Zikayenda bwino, dulani tsamba lililonse, ndiko kuti theka la hinjesi, litalike mamilimita 27 kuchokera kunsonga.

Bokosi lenileni silivuta. Matabwa a mamilimita 10, awiri otalika 200, awiri 120, onse msinkhu 90. Nsonga zake zichekedwe mopendama pa madigiri 45. Mkati, mamilimita 5 kuchokera m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi, semani kangalande kolowamo thabwa la pamwamba ndi la pansi. Pansi pulayiwudi wa mamilimita 4 akwanira. Pamwamba ikani mukwa wokongola, koma musaumate: ungokhala m'kangalande ndi kampata pang'ono, chifukwa thabwa limafufuma m'dzinja ndi kufota m'chilimwe, ndipo lomatidwa mbali zonse limang'ambika.

Yalani matabwa anayiwo pamzere, kunja kuli pamwamba, lumikizani ndi tepi, tembenuzani, pakani guluu m'makona, lowetsani la pamwamba ndi la pansi, n'kupinda. Mangani ndi malegeni. Yezani kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana ndiye kuti bokosi lili bwino. Ligone mpaka mawa. Makona otere paokha si olimba kwenikweni, choncho chekani timipata tiwiri topingasa kona iliyonse, mulowetsemo tizibenthu ta thabwa la mtundu wina ndi guluu. Toyera pa mukwa timaoneka bwino.

Tsopano muli ndi bokosi lotsekeka mbali zonse. Lembani mzere kuzungulira, mamilimita 25 kuchokera pamwamba, ndipo chekani motsatira mzerewo mbali imodzi imodzi. Chivundikiro chochekedwa pa thupi lake chimakwana ndendende ndipo mizere ya thabwa imapitirira. Matani sandipepa pa galasi kapena pa tebulo losalala, khulani milomo yonse iwiri mpaka ikumane popanda kuwala kudutsa.

Pomangirira mahinjesi, ikani kapepala ka katoni yopyapyala pakati pa chivundikiro ndi thupi, kumbuyo kokha, ndipo mangani bokosi ndi malegeni. Mahinjesi akhala kunja, kumbuyo, mamilimita 30 kuchokera kumakona. Kamtengo kapakati kayang'anizane ndi mzere wodulawo, ndipo mahinjesi onse awiri akhale pa mzere umodzi. Njira yosavuta ndi kulowetsa waya wowongoka m'mabowo onse awiri nthawi imodzi pamene guluu akuuma. Musanamate, palani pang'ono kuseri kwa zala kuti zisamakhule bokosi, ndipo guluu asafike pa zalazo. Akauma, boolani timabowo tiwiri pa tsamba lililonse kulowa m'bokosi, mukhomeremo tinsungwi ta guluu. Pomaliza pakani phula la kandulo m'bowo la chala chapakati, lowetsani kamtengo kapakati, kadontho ka guluu kakhale kunsonga imodzi yokha.

Vanishi wokhuthala ndimamukana pa kabokosi kotere, amalowa pakati pa zala n'kuzimata, komanso amabisa maonekedwe a mukwa. Khulani ndi sandipepa ya 120, kenako ya 220, pakani mafuta a linseed pang'ono, pukutani otsala, ndipo akauma mupake phula la njuchi. Mkati musapakemo mafuta, fungo lake limakhalitsa ndipo limalowa m'mapepala. Nsanza ya mafutawo muiyanike panja yotambasula, chifukwa yofinyidwa pamodzi imatha kuyaka yokha. Hinjesi ikadzalimba mvula ikayamba, musaikakamize. Pakani kandulo pakati pa zala n'kuitsegulatsegula pang'onopang'ono.