Kuyesa Mfuti ya Shotigani Yokoka ndi Dzanja Yokhala ndi Magazini Yochotseka

Mfuti zambiri za mtundu wa shotigani zimasunga zipolopolo m'kampope kamene kali pansi pa mpope waukulu, koma zina, monga Mossberg 590M imene inatuluka mu 2018, zimagwiritsa ntchito magazini yochotseka, kabokosi kosungiramo zipolopolo, yotenga zipolopolo 5, 10, 15 kapena 20. Musanaganize zogula, pezani chiphaso monga mmene malamulo a dziko lanu akunenera, ndipo konzeranitu bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo.

Poiyesa, yambani ndi magazini yopanda kanthu: ilowetseni, mumve kuti yagwira, kenako igwedezeni. Ikamagwedera kwambiri, zipolopolo zidzavuta kukwera. Ku malo ovomerezeka oyesererako kuombera, kokani chogwirira chakutsogolo, chimene chimatulutsa chipolopolo chogwiritsidwa kale n'kulowetsa china, mpaka kumapeto ndipo muchibwezenso mwamphamvu, chifukwa kukoka mwatheka ndiko kumachititsa kuti mfutizi zikakamire kawirikawiri. Onaninso kulemera kwake, popeza magazini yaikulu yodzaza imakokera mfuti pansi ndipo imatopetsa mkono.

Chimene ine ndimachiona kukhala chofunika kwambiri ndi zipolopolo. Thupi lake nthawi zambiri limakhala lapulasitiki, choncho zikakhala nthawi yaitali zitapanikizidwa ndi sipuling'i ya m'magazini, chapamwamba chikhoza kuphwatalala n'kukana kulowa. Muzizitulutsa n'kuzigubuduza pa tebulo kuti muone ngati zikadali zobulungira.

Kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti ilibe chipolopolo. Kokani chogwirira, lozetsani mpope kumene kulibe munthu, suzumirani m'kati, ndipo mupisemo chala musanaiike pansi.