Kuonetsa mwana osmosis ndi mbatatesi ndi mchere

Ana a Fomu 3 ndi 4 amene ndimawathandiza madzulo kuno ku Mufakose, mu Harare, amaloweza tanthauzo la osmosis ngati vesi la ku Sande Sukulu, koma pepala la ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe, likangotembenuza funso pang'ono amangoti kakasi. Ine ndimawaonetsa pa mbatatesi, ndipo inunso mukhoza kutero pakhonde panu.

Pezani mbatatesi zikuluzikulu ziwiri, zolimba, osati zofota zija zotsala pansi pa thumba la ku Mbare Musika. Imodzi muiwiritse mphindi 10, izizire. Sendani zonse. Apa musachite ulesi, chifukwa khungu la mbatatesi limatchinga madzi. Iliyonse muidule pakati, mbali yodulayo ikhale pansi, pamwamba mukumbe kadzenje ndi supuni osaboola. Khazikani zidutswa zitatu m'mbale ya madzi ofika theka la chidutswa: ziwiri zaziwisi, chimodzi chophika. Thirani mchere wouma m'kadzenje ka chachiwisi chimodzi ndi ka chophika chija. Chachitatu chisiyeni chopanda kanthu.

Pakatha ola limodzi kapena awiri, muitaneni mwanayo. M'chachiwisi cha mchere mupeza madzi atalenjeza, mcherewo utasungunuka, pamene palibe anathiramo dontho. Chopanda mchere chili gwa. Chophika mwina mchere wangonyowa, koma madzi sakwera. Musafulumire kumuuza yankho, mulekeni avutike nalo kaye.

Nkhani yonse yagona pa chophikacho. Selo iliyonse yamoyo yakutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri, yopangidwa ndi mafuta ndi mapuloteni, imene imalola madzi kudutsa koma imakaniza zambiri zosungunuka m'madzimo. Choncho madzi amachoka kumene mchere wachepa kupita kumene wachuluka, selo ndi selo, kuchokera m'mbale mpaka m'kadzenje: osmosis imeneyo. Moto umawononga nembanembayo, ndiye chosankha chodutsa chimasowa. Mwana wachidwi mumuuzenso kuti madziwo ali ndi timakomo tawotawo, ma aquaporin, ndipo Peter Agre analandira Nobel mu 2003 chifukwa chotitulukira.

Njira zina zimene zinthu zimadutsira nembanembayo sizivuta. Okosijeni amangolowa yekha kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa, selo osataya mphamvu: diffusion imeneyo. Active transport ndi pamene selo ikukankhira chinthu kumene chachuluka kale, ndipo imalipira ndi mphamvu ya ATP, chinthu chimene chimanyamula mphamvu m'selo. Maselo athu amatero usiku ndi usana, kutulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri.

Ine sinditseka phunziroli osatchula madzi a shuga ndi mchere, amene achibale athu ku Malawi amawadziwa ndi dzina la Thanzi. Amene tinali kuno mu 2008 tikukumbukira mmene kolera inasautsira ku Budiriro, ndipo inabweranso mu 2018 ku Glen View, madera a mu Harare momwemuno. M'matumbo muli puloteni imene imanyamula sodium pokhapokha akabwera limodzi ndi glucose. Sodium amachokera ku mchere, glucose ku shuga. Awiriwa akalowa m'maselo, madzi amawatsata, thupi n'kubwezeretsa zimene lataya. Muyezo umene timaphunzitsidwa ku kiliniki kuno ku Zimbabwe ndi mamililita 750 a madzi owiritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Supuni zake zosalaza pamwamba, osati zosefukira.

Tsopano mufunseni mwanayo: agogo akawonjezera shuga kuti wodwala amve kukoma, chichitike n'chiyani? Ngati wamvetsa za kadzenje kaja, ayankha yekha kuti madzi achoka m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula m'mimba n'kukulirakulira. Mumuuzenso kuti wodwala wotereyu amamwa madziwo ali pa ulendo wa ku kiliniki, osati kudikirira kunyumba.