Musanagule makina okumbira Bitcoin ku Mangochi, werengerani magetsi

Awa ndi makompyuta amene amagwira ntchito usana ndi usiku kuti apeze Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Yambani ndi kapepala ka pa makinawo kosonyeza magetsi amene amadya. Mwachitsanzo, makina otchedwa Antminer S19 Pro amadya mawati 3,250. Chulukitsani ndi maola 24, mupeza mayunitsi 78 patsiku, 2,340 pamwezi. Mtengo wa yuniti uli pa lisiti yanu ya ESCOM. Ndalamayo muiyerekeze ndi zomwe makinawo angakumbe, pokumbukira kuti mu Epulo 2024 mphotho imene okumba Bitcoin amapikisanirana idatsika ndi theka kufika pa ma Bitcoin 3.125.

Musawalumikize pa soketi wamba. Amakoka maampu pafupifupi 14, pomwe pulagi ya m'nyumba imapirira 13 basi, ndiye imatentha mpaka kusungunuka. Itanani wamagetsi akoke waya wakewake wa 4mm², aike bureka ya maampu 20.

Magetsi onsewo amasanduka kutentha. Mu Okutobala kuno kunyanja, m'chipinda cha malata mukapitirira madigiri 40, makina amatha kuzima okha. Boolani khoma kuti mpweya wotentha uzitulukira panja, ndipo fumbi muzilipukuta sabata iliyonse. Phokoso lake anansi sagona nalo.

Sola? Mayunitsi 78 amafuna mapanelo a mawati 550 osachepera 30, mabatire ausiku osawerengera. Jenereta ya dizilo ndiye iwalani, utsi ndi mafuta zimadya phindu lonse.